Mwana Akalira: Zimene Mai Ayenera Kudziŵa za Gripe Water

Amai, m'nyumba zambiri muno m'Malaŵi, m'tauni ndi m'midzi momwe, mumapezeka kabotolo ka mankhwala otsekemera otchedwa Gripe Water. Kabotoloka kamagulidwa ku golosale popanda kalata ya dokotala, ndipo kaŵirikaŵiri kamagulidwa mwana asanabadwe n'komwe, pamodzi ndi mateŵera, beseni ndi sopo. Mwana akalira usiku, amammwetsa. Akatsegula m'mimba, amammwetsa. Thupi likatentha, kapena mano akayamba kumera, amammwetsanso omwewo. Ambiri a inu mudamwetsedwa mankhwalaŵa muli makanda, ndipo amene amakulangizani kuti mugule ndi anthu okufunirani zabwino: amai anu, apongozi anu kapena anansi.

Popeza mankhwalaŵa ndi ozoloŵereka chotere, nkoyenera kuti mudziŵe kumene adachokera, zimene zili m'kati mwake, zimene angathe kuchita ndi zimene sangathe. Mukaŵerenga kabuku kano, kapena anamwino akakuŵerengerani pa sikelo, mudzatha kusiyanitsa kulira kumene kumatha kokha ndi kulira kofuna kuti mupite ndi mwana ku chipatala tsiku lomwelo.

KUMENE MANKHWALAŴA ADACHOKERA

Gripe Water adachokera ku England zaka zoposa 170 zapitazo. Kum'maŵa kwa dzikolo kuli chigwa chachikulu chotchedwa Fens, chimene kale chinali madambo okhaokha, odzaza madzi ndi udzudzu. M'zaka za m'ma 1840 ana ambiri a kumeneko ankadwala nthenda ya kutentha thupi ndi kunjenjemera, imene eni dzikolo ankaitcha malungo a m'madambo. Nthaŵi imeneyo panalibe munthu, ngakhale dokotala, wodziŵa chimene chimayambitsa malungo. Anthu ankakhulupirira kuti nthendayi imadza ndi mpweya wonunkha wochokera m'matope. Kachirombo ka malungo kadaoneka koyamba m'magazi a munthu mu 1880, pamene dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, adakapenya ndi makina okuza zinthu ali ku Algeria. Pambuyo pake, mu 1897, Ronald Ross adapeza kachiromboka m'mimba mwa udzudzu ali ku India.

Madokotala ena a mumzinda wa Nottingham anali ndi msanganizo wao umene ankapatsa makanda odwala malungo a m'madambowo. Msanganizowo unalibe mphamvu pa malungo, koma anthu adaona kuti ana ovutika m'mimba ankatonthola akaumwa. Munthu wina wogulitsa mankhwala mumzindamo, dzina lake William Woodward, adatenga nzeru imeneyi nayamba kupanga mankhwalawo ndi kuŵagulitsa mu 1851. Mu 1876 adalembetsa dzina la mankhwala ake ku boma. Mau akuti gripe m'Chingerezi amatanthauza kupotokola kwa m'mimba. Pa botolo adaikapo chithunzi cha khanda lamphamvu la m'nthano za Agiriki, dzina lake Hercules, likukanyanga njoka ndi manja ake.

Masiku amenewo mankhwala otere, odziŵika ndi dzina la mwini wake, anali ambirimbiri m'masitolo a ku England ndi ku America. Opanga ankabisa zimene athiramo, ndipo ankatama botolo limodzi kuti limachiza nthenda zamitundumitundu. Ena mwa mankhwalawo anali oopsa kwambiri. Mu Godfrey's Cordial munali opiamu, ndipo mu Mrs Winslow's Soothing Syrup munali mofini. Ziŵiri zonsezi ndi mankhwala amphamvu ogonetsa, ndipo ana ambiri amene adamwetsedwa adagona osadzukanso. Mu 1906 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lakuti wopanga mankhwala azilemba pa botolo ngati athiramo moŵa, opiamu kapena mofini. Mankhwala a Woodward analibe opiamu kapena mofini, koma adabadwa m'nyengo yomweyo, pamene mankhwala ankayesedwa abwino ngati mwana waleka kulira.

Pamene Angerezi ankalamulira maiko ambiri, botololi lidayenda nao pamodzi mpaka ku India, ku Africa ndi kwina. Otsatsa malonda ankakonda kunena kuti ndi mankhwala amene gogo adalangiza mai, mai nalangiza mwana wake. Umo ndi m'mene lidafikira m'masitolo a kuno kwathu.

Nanga malungo a ku Fens adatha bwanji? Adachepa pamene anthu adakumba ngalande zochotsa madzi m'madambo, pamene adamanga nyumba zabwino, ndiponso pamene kwinini adatsika mtengo. Gripe Water sadathandizepo kanthu.

ZIMENE ZILI M'BOTOLO

Mankhwala oyamba a Woodward anali ndi zinthu 5.

1. Madzi. Gawo lalikulu la botolo ndi madzi chabe.

2. Shuga wambiri, ndiye amene amachititsa kuti mwana amwe mosavuta.

3. Soda, wa mtundu womwewo umene mumathira m'therere. Soda amachepetsa asidi wa m'mimba. Koma kulira kwa khanda sikuchokera ku kuchuluka kwa asidi ai. Ndiponso soda akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya, womwewo umene mai akufuna kuti uchoke. Soda wochuluka amasokoneza magazi a khanda.

4. Mafuta a njere za chitsamba chotchedwa dill, chimene Azungu amakometsera ndiwo. Mafutaŵa ndiwo amapereka fungo lija mumalidziŵa.

5. Moŵa. Mwa magawo 100 alionse a mankhwalawo, magawo 3.6 anali moŵa weniweni. Ukali umenewu susiyana kwenikweni ndi wa moŵa wa masese. Makanda ankagona akamwa, ndipo amai ankayesa kuti achira.

Ku Britain moŵa udachotsedwa mu Gripe Water mu 1992. Mu 1993 boma la America lidaletsa kuti mabotolo a Gripe Water aloŵe m'dzikomo ngati mankhwala, chifukwa sadavomerezedwe monga amavomerezera mankhwala ena. Masiku ano opanga Gripe Water alipo ambiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense amathira zake. Ambiri amalemba kuti mulibe moŵa, ena kuti mulibe shuga. Ngakhale zili choncho, m'mabotolo onseŵa mulibe chinthu chopha kachirombo ka malungo, mulibe chochiza chibayo, ndipo mulibe chobwezera madzi m'thupi la mwana wotsegula m'mimba.

CHIFUKWA CHAKE MWANA AMATONTHOLA

Mwina mukuti, "Koma ine ndimaona ndi maso anga kuti mwana akamwa amaleka kulira." Zimenezi nzoona, ndipo zifukwa zake zikudziŵika. Choyamba, khanda lililonse limatonthola kanthaŵi likalaŵa chinthu chotsekemera. Chachiŵiri, pommwetsa mumamnyamula, kumfukata ndi kumlankhula, ndipo zimenezi pa zokha zimatonthoza mwana. Chachitatu, kupotokola kwa makanda kumabwera ndi kupita kokha, kotero kuti chimene mwamwetsa mwana pa nthaŵi imene ululu uli pafupi kutha ndicho chimalandira ulemu.

Mu 2015 madokotala a ku Puducherry, m'dziko la India, adafunsa amai 335 a ana a mwezi umodzi mpaka miyezi 6. Pafupifupi amai aŵiri mwa atatu alionse ankamwetsa ana ao Gripe Water. Madokotalawo adapeza kuti kupotokola, kusanza ndi kudzimbidwa zinali zochuluka pakati pa ana omwetsedwawo kuposa pakati pa ana osamwetsedwa. Mpaka lero palibe umboni wokhutiritsa wakuti mankhwalaŵa amachiza kapena kuteteza kupotokola.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyeni tsono tione nyerere zimene zili m'botolo lokomali.

KUIPA KWAKE

Kuipa koyamba nkwakuti mankhwalaŵa amasokoneza kuyamwitsa mwakathithi. Kuyambira mu 2001 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, osampatsa madzi, phala, tiyi, madzi a zitsamba kapena china chilichonse, kupatula mankhwala amene a chipatala alemba. Unduna wa za Umoyo umaphunzitsa chimodzimodzi. Kamimba ka khanda nkakang'ono. Supuni iliyonse ya madzi otsekemera imalanda malo a mkaka wa m'maŵere, umene uli ndi chakudya chonse, madzi okwanira ndi chitetezo ku matenda. Mwana akachepetsa kuyamwa, mkaka nawonso umachepa m'maŵere.

Kuipa kwachiŵiri ndi tizirombo. Botolo limatsegulidwa kaŵirikaŵiri, limakhala pa windo masabata ambiri kukutentha, ndipo supuni siikhala yaukhondo nthaŵi zonse. Mkaka wa m'maŵere umaloŵa m'kamwa mwa mwana uli woyera, koma za pa supuni zimadutsa m'manja ndi m'fumbi. Ngakhale ku fakitale zinthu zimatha kulakwika: mu 2007 ku America mtundu wina wa Gripe Water udachotsedwa m'masitolo chifukwa mudapezeka kachirombo koyambitsa kutsegula m'mimba.

Kuipa kwachitatu nkwakuti shuga amaononga mano amene angomera kumene, makamaka mwana akamamwetsedwa usiku ndi usiku.

Kuipa kwachinai ndiko kwakukulu koposa: kuchedwa. Mwana satha kulankhula. Kulira, kutentha thupi ndi kukana bere ndiwo mau ake okuuzani kuti china chake chalakwika. Mai akammwetsa Gripe Water madzulo, nadikira kuti aone m'maŵa, nammwetsanso, nadikiranso, nthenda imakhala ikukula mwakachetechete. Malungo ndi kutha madzi m'thupi zingathe kupha mwana wamng'ono m'tsiku limodzi kapena aŵiri. Ana ambiri amene amafika ku chipatala atafookeratu akadachira msanga akadafika tsiku loyamba.

Chifukwa chake tiyeni tione mavuto atatu amene amai amagulira botololi, ndi zoyenera kuchita pa vuto lililonse.

1. KUPOTOKOLA KWA MAKANDA

Makanda ambiri athanzi amalira kwambiri m'miyezi yoyamba, makamaka madzulo. Mwana amafiira nkhope, amakunga zibakera, amapinda miyendo kufikitsa pa mimba, ndipo nthaŵi zina amatulutsa mpweya. Kulira kotere kumayamba mwana ali ndi masabata aŵiri, kumafika pachimake ali ndi masabata 6, ndipo kumatha kokha akakwanitsa miyezi 3 kapena 4. Ngati mwana akuyamwa bwino, thupi silikutentha, akukodza ndi kuchita chimbudzi monga mwa masiku onse, ndipo sikelo yake ikukwera, musade nkhaŵa. Mkaka wanu suli woipa, ndipo mwanayo sadalodzedwe.

Zimene mungachite ndi izi:

Muikeni bwino ku bere. Mimba yake iyang'anane ndi yanu, pakamwa patseguke kwambiri, chibwano chikhudze bere, ndipo aloŵetse m'kamwa mbali yaikulu ya pakuda pa bere, osati nsonga yokha. Mwana wogwira bwino bere sameza mpweya wambiri. Ngati zikuvuta, pemphani anamwino akuonetseni.

Msiyeni atsirize bere limodzi musanampatse linzake.

Akatha kuyamwa, muimikeni pa phewa lanu ndi kumsisita pamsana pang'onopang'ono kufikira atageya.

Mberekeni kumbuyo ndi kuyenda naye, kapena mgonekeni pa chifuwa chanu khungu ndi khungu. Muimbireni. Msisiteni pamimba mofatsa ndi dzanja lofunda.

Musalole munthu kusuta fodya m'nyumba mmene muli mwana.

Mukatopa, patsirani bambo ake kapena agogo ake kuti mupumeko. Musamgwedeze mwana mwamphamvu ngakhale mutakwiya chotani, pakuti kutero kumavulaza ubongo wake.

Koma ngati mwana wolira akusanza zobiriŵira, mimba yatupa ndi kulimba, m'chimbudzi muli magazi, patuluka chotupa pa mphechepeche, kapena sikelo yake siikukwera, kumeneko si kupotokola wamba. Pitani naye ku chipatala msanga.

2. KUTSEGULA M'MIMBA

Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo pa tsiku, watsegula m'mimba. Chimene chimapha mwana pa nthendayi ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Thupi la mwana lili ngati mtsuko wobooka: ngati simuthiramo madzi mofanana ndi amene akutayika, mtsukowo umauma. Supuni imodzi ya Gripe Water siingathe kudzaza mtsuko wotere.

Mankhwala ake enieni ndi madzi a mchere ndi shuga a ORS, amene ambiri amaŵadziŵa ndi dzina lakuti Thanzi. Mphamvu ya madziŵa idaoneka poyera mu 1971, pamene dokotala Dilip Mahalanabis adapulumutsa nawo anthu ambiri odwala kolera m'misasa ya othaŵa nkhondo a ku Bangladesh. Mchere ndi shuga za m'paketi zidayezedwa bwino, kotero kuti zimakoka madzi kuchokera m'matumbo kuloŵa m'magazi. Kuyambira mu 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana wotsegula m'mimba alandirenso mapiritsi a zinki, amene amafupikitsa nthendayi ndi kuteteza kuti isabwerenso msanga.

Tsatani malangizo aŵa:

Sambani m'manja ndi sopo. Thirani paketi yonse ya ORS mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa ndi kuziziritsa, kapena othira mankhwala oyeretsera madzi. Musaonjezere shuga kapena mchere.

Mwana wosakwana zaka ziŵiri mpatseni kotala kapena theka la kapu, ndiye kuti mamililita 50 mpaka 100, nthaŵi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi. Wa zaka ziŵiri kapena kuposerapo mpatseni theka la kapu kapena kapu yodzaza, mamililita 100 mpaka 200.

Mmwetseni pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu yoyera. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenaka pitirizani mofatsa koposa.

Madzi a ORS akakhala tsiku lathunthu, tayani ndi kusungunula paketi ina.

Mpatseni zinki tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, monga a chipatala akuuzirani, ngakhale kutsegulako kutaleka. Mwana wa miyezi 6 kapena kuposerapo amamwa piritsi limodzi pa tsiku, ndipo wocheperapo amamwa theka. Sungunulani piritsilo m'mkaka wa m'maŵere pa supuni.

Pitirizani kuyamwitsa, ndipo yamwitsani kaŵirikaŵiri kuposa masiku onse. Mwana amene adayamba kudya musammane chakudya. Mpatseni phala lothira nsinjiro, nthochi, mbatata yofutsa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata aŵiri kuti abwezere thupi.

Zizindikiro zakuti madzi akutha m'thupi ndi izi: maso kuloŵa m'kati, liwombo kuloŵa, ludzu lalikulu, kukodza pang'ono, ndi khungu la pamimba kusabwerera msanga mukalitsina. Liwombo loloŵa silifuna kumatidwa mankhwala. Limadzuka lokha madzi akabwerera m'thupi. Mukaona zizindikiro zimenezi, kapena magazi m'chimbudzi, kapena kutsegulako kukafika masiku 14, nyamukani. Pa njira muzimmwetsa ORS ndi kumuyamwitsa.

Poteteza nthendayi, onetsetsani kuti mwana walandira katemera wa rota, amene adayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu 2012 ndipo amadonthezedwa m'kamwa pa sikelo. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka ku chimbudzi, mukasintha theŵera, musanakonze chakudya ndi musanadyetse mwana. Tayani chimbudzi cha mwana m'chimbudzi, pakuti nacho chili ndi tizirombo.

3. KUTENTHA THUPI

Kutentha thupi ndi chizindikiro chabe, ndipo nthenda zobisala kumbuyo kwake nzambiri: malungo, chibayo, chikuku, mafinya a m'khutu, kapena nthenda youmitsa khosi. Ndi maso okha palibe mai kapena dokotala angathe kudziŵa ngati ndi malungo. Pafunika kuyeza magazi. A chipatala kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu amabaya chala cha mwana, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Lamulo lake ndi ili: mwana wosakwana zaka 5 akatentha thupi, aonedwe ndi a zaumoyo tsiku lisanathe.

Akapezeka ndi malungo amalandira mankhwala a LA. Mwana amamwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndiye kuti maulendo 6. Mmwetseni pamodzi ndi bere kapena chakudya cha mafuta pang'ono, kuti mankhwala agwire bwino ntchito. Mtsirizitseni onse ngakhale ayambe kuseŵera pa tsiku lachiŵiri. Musasunge otsala kuti mudzapatse mwana wina.

Pochepetsa kutentha, mvuleni zovala zambiri, muyamwitseni ndi kummwetsa pafupipafupi, ndipo mpatseni panado pa muyeso umene a chipatala anena. Dziŵani kuti panado amangotsitsa kutentha, sapha kachirombo. Aspirin, ndi mapiritsi alionse a mutu amene muli aspirin, musapatse mwana konse, chifukwa angathe kuononga chiŵindi ndi ubongo wake.

Khanda losakwana miyezi iŵiri likatentha thupi, kapena likazizira modabwitsa, musayese chilichonse pakhomo. Pitani nalo ku chipatala nthaŵi yomweyo, ngakhale ndi usiku.

Poteteza malungo, mwana ndi mai ake agone m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, chaka chonse. Kwirirani zithaphwi pafupi ndi nyumba. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa m'maboma ena a m'Malaŵi mu 2019. Funsani anamwino za katemerayu pa sikelo yanu, ndipo kumbukirani kuti mwana wolandira katemera ayenera kugonabe m'neti.

NANGA ZA MANO?

Anthu ambiri amati kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi zimadza ndi kumera kwa mano, motero amamwetsa mwana Gripe Water nakhala pansi. Mano akamamera, mwana amachucha dovu, amaluma zinthu ndipo amavutavuta. Koma mano sayambitsa malungo kapena kutsegula m'mimba. Chimene chimachitika nchakuti mano amamera pa msinkhu womwewo umene mwana amayamba kukwaŵa, kutola zapansi ndi kudya zakudya zina, ndiponso pamene chitetezo chimene adabadwa nacho chikuchepa. Nthenda ikadza pa nthaŵi ya mano, ichizeni monga nthenda. Pa kuyabwa kwa nkhama, msisiteni ndi chala chosamba bwino.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Mukaona chimodzi chokha mwa izi, musadikire kuti kuche, musapite ku golosale, ndipo musadikire bambo ake ngati ali kutali:

1. Mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa.
2. Akusanza chilichonse chimene wamwa.
3. Wakomoka, kapena thupi likugwedezeka ngati wa khunyu.
4. Wafooka kwambiri, akungogona, sakudzuka mukamdzutsa.
5. Akupuma mofulumira, kapena m'munsi mwa chifuwa mukuloŵa m'kati akamakoka mpweya.
6. Khosi lauma.
7. M'manja ndi m'kati mwa zikope mwayera, kusonyeza kuchepa kwa magazi.
8. M'chimbudzi muli magazi.

Tengani buku la mwana la ku chipatala. Ngati mudammwetsa kale Gripe Water, mapiritsi kapena zitsamba, auzeni a chipatala mosabisa, ndipo ngati nkotheka tengani botololo kuti alione. Kudziŵa zimene mwana wamwa kumaŵathandiza kumchiza bwino.

MAU KWA AGOGO NDI ABAMBO

Mwina apongozi kapena amai anu adzati, "Ife tidalera ana 8 ndi botolo lomweli, ndipo inuyo mudakula nalo." Ayankheni mwaulemu, pakuti mau a akuluakulu akoma akagonera, ndipo zambiri zimene amatiphunzitsa nzopindulitsa. Kubereka mwana kumbuyo, kumuyamwitsa mpaka zaka ziŵiri ndi kumuimbira nyimbo ndi nzeru zao, ndipo a chipatala amazivomereza. Koma akumbutseni kuti m'masiku ao munalibe zoyezera malungo pa chala, munalibe zinki, ndipo m'mudzi uliwonse munali amai ambiri amene adaika ana m'manda.

Akumbutseninso kuti ngakhale a chipatala amasiya mankhwala akaona kuti sakugwiranso ntchito. Klorokwini anali mankhwala odalirika a malungo kwa zaka zambiri, koma tizirombo titamzoloŵera, dziko la Malaŵi lidamsiya mu 1993 nkuyamba Fansidar. Mu 2007 Fansidar nayenso adaloŵedwa m'malo ndi LA pochiza malungo. Ngati mankhwala enieni amasinthidwa chotere, kuli bwanji botolo la mu 1851, limene lidapangidwa anthu asanadziŵe n'komwe kuti malungo amadza ndi udzudzu?

Itanani agogo abwere nanu ku sikelo mwezi wamaŵa, adzamve okha ndi kufunsa mafunso ao. Safunsa adadya phula. Ndipo inu abambo, ndalama imene mukadagulira botolo isungeni kuti ikhale ya ulendo wa ku chipatala tsiku la mwadzidzidzi, kapena mugulire mazira, usipa ndi mtedza mai woyamwitsa.

KUMBUKIRANI

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha.

Mwana wolira koma wathanzi afuna bere, kugeyetsedwa ndi msana wa mai ake. Kupotokola kumatha kokha pa miyezi 3 kapena 4.

Mwana wotsegula m'mimba afuna ORS, zinki, bere ndi chakudya.

Mwana wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Mukaona chizindikiro choopsa, nyamukani nthaŵi yomweyo.

Sungani paketi ziŵiri za ORS m'nyumba pa malo amene munkaikapo botolo. Bwerani ndi mwana wanu ku sikelo mwezi uliwonse mpaka atakwanitsa zaka 5, ndipo zimene mwaŵerenga m'kabuku kano muuzekoni mnzanu amene sadabwere lero.